CHIDULE CHA KHUTBA YA LACHISANU: NTHAWI YOTSEKA SITOLO NDI TULO TA WOPHIKA BULEDI

KHUTBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse n'kwa Allah (S.W.T), Amene amasinthanitsa usiku ndi usana, Amene anagawa rizq la zolengedwa Zake zisanaone dzuwa. Tikuikira umboni kuti palibe wina woyenera kupembedzedwa m'choonadi koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad (S.A.W) ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa banja lake ndi pa maswahaba ake onse.

Akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha ndi kukulangizani inu kuti tiope Allah pobisika ndi poonekera, mumzikiti ndi mumsika momwe.

Khutba ya lero ikukhudza funso limene eni masitolo, eni mabekale, antchito awo ndi ife ogula timakumana nalo tsiku ndi tsiku: kodi malonda ayenera kuima nthawi yanji, ndipo ndani ali ndi mphamvu yowaimitsa? Tiyamba ndi dziko la Germany, limene lakhala likulimbana ndi funsoli m'nyumba ya malamulo ndi m'makhoti kwa zaka zoposa 100. Silo dziko la Chisilamu, koma Qur'an yolemekezeka imatilimbikitsa kuyenda pa dziko ndi kulingalira zimene zinaonekera anthu ena. Tikatero tidzabwerera ku zimene Allah ndi Mtumiki Wake anatiphunzitsa.

Usiku wa wophika buledi

Buledi woti agulidwe m'mawa ali wofunda amayambidwa usiku. Ufa ukandwe, upatsidwe nthawi yofufuma, uumbidwe, ufufumenso, kenako ulowe mu uvuni. N'chifukwa chake kuyambira kale wophika buledi amadzuka pamene anzake akugona. M'zaka za m'ma 1800, anyamata ogwira ntchito m'mabekale a ku Germany ankakhala pakhomo pa bwana wawo, ambiri akugona m'tizipinda topanda mpweya, akugwira ntchito usiku wonse mpaka masana, sabata yonse yathunthu. Fumbi la ufa wa tirigu linkawadwalitsa chifuwa cha mphumu, matenda amene mpaka lero amadziwika kuti ndi a ntchito imeneyi. M'chaka cha 1890 mtsogoleri wina wa ndale, August Bebel, anasindikiza zimene anapeza atafufuza za moyo wa anthuwa, ndipo dziko linadzidzimuka. Mu 1896 boma linalamula kuti wophika buledi asamagwire ntchito kupitirira maola 12 pa tsiku. Tangoganizani, abale anga: maola 12 ankaoneka ngati chifundo.

Mu January 1915, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, boma linaletseratu kuphika buledi kuyambira 7 koloko madzulo mpaka 7 koloko m'mawa. Cholinga chake chinali kusunga tirigu, poti buledi wofunda amatha msanga patebulo kusiyana ndi wogona. Koma ophika buledi atalawa tulo ta usiku sanafunenso kutitaya. Nkhondo itatha mu 1918 lamulolo linasungidwa, tsopano ngati chitetezo cha wantchito. Maola ake anasinthidwa kangapo, ndipo m'zaka zake zomaliza linkaletsa kuphika kuyambira 10 koloko usiku mpaka 4 koloko m'bandakucha. Eni mafakitale akuluakulu a buledi ankalida, chifukwa makina awo ankakhala chete usiku. Eni mabekale ang'onoang'ono ambiri ankalikonda, chifukwa linkawateteza kuti asamezedwe ndi akuluakuluwo. Nkhaniyi inafika ku khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, ndipo mu 1968 khotilo linagamula kuti lamulolo n'loyenera.

Chitseko cha sitolo

Masitolo nawo anali ndi lamulo lawo. Mu 1956 nyumba ya malamulo ya West Germany inakhazikitsa nthawi imodzi yotsekera masitolo: 6:30 madzulo kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, 2 koloko masana Loweruka, ndipo Lamulungu osatsegula, kupatula malo ochepa monga ogulitsira mankhwala, mafuta a galimoto ndi a pa siteshoni za sitima. Wogulitsa m'sitolo ankadziwa kuti chakudya cha madzulo adyera pamodzi ndi ana ake.

Mpanda umenewu sunagwe tsiku limodzi. Mu 1989 analola kuti Lachinayi masitolo azifika 8:30 usiku. Pa 1 November 1996 lamulo limodzi linasintha zinthu ziwiri zonse pamodzi: masitolo analoledwa kufika 8 koloko usiku mkati mwa sabata ndi 4 koloko madzulo Loweruka, ndipo chiletso chophika buledi usiku chinathetsedwa chitakhala zaka 81. Mu 2003 Loweruka nalo linafika 8 koloko usiku. Mu 2006 mphamvu yoika nthawi inaperekedwa kwa zigawo za dzikolo, ndipo zambiri mwa izo, kuyambira ndi Berlin, zinalola kuti sitolo itsegule usana ndi usiku kuyambira Lolemba. Zigawo za Bavaria ndi Saarland zinakana, n'kusunga 8 koloko usiku.

Amene ankafuna kusinthaku anali ndi zifukwa zomveka. Munthu woweruka kuntchito madzulo ankapeza sitolo yatsekedwa. Mabekale a m'maiko oyandikana nawo analibe chiletso chotere, ndipo ankalanda msika. Wantchito sanasiyidwenso pambalambanda: lamulo la maola a ntchito la 1994 limanena kuti tsiku la ntchito ndi maola 8, lingafike 10 pokhapokha maola owonjezerawo abwezedwe ndi mpumulo, ndipo pakati pa kuweruka ndi kuyambanso papite maola 11. Komabe usiku wa wophika buledi unabwerera m'manja mwa msika.

Chimodzi chokha sichinagwe. Mu 2006 Berlin inalolanso masitolo kutsegula Lamulungu lililonse la masabata anayi oyandikira Khirisimasi. Mipingo iwiri ikuluikulu, wa Chikatolika ndi wa Chipulotesitanti, inakadandaula ku khoti lalikulu lija, ndipo pa 1 December 2009 khotilo linagamula kuti Berlin yapyola malire. Linati malamulo oyendetsera dziko amateteza Lamulungu ngati tsiku la mpumulo ndi lotsitsimutsa mtima, ndipo phindu la wogulitsa kapena chilakolako cha wogula pazokha si zifukwa zokwanira kulichotsera ulemu umenewo.

Zimene tikutolapo

Choyamba, malire a nthawi amagwira ntchito akamanga onse. Mwini sitolo mmodzi akatseka pamene mnzake woyandikana naye watsegula, makasitomala amasamuka, ndipo mawa iyenso amatsegula. Wophika buledi mmodzi sangagone yekha pamene uvuni wa mnzake ukuyaka. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Chachiwiri, amene anakankha mpanda uja ndi wogula. Aliyense amafuna buledi wofunda m'mawa ndi sitolo yotsegula usiku, koma walira mvula walira matope. Ola lililonse limene wogula wapindula lachotsedwa pa tulo ta munthu wina, pa banja lake kapena pa mapemphero ake.

Chachitatu, malire oikidwa chifukwa cha nkhondo kapena mpikisano wa malonda anasunthika zifukwazo zitasintha. Amene anakhalitsa ndi amene anazikika pa kupembedza.

Chimene Allah analamula

Abale anga mu Chisilamu, ife lamulo lotseka malonda tinalilandira zaka zoposa 1,400 zapitazo. Mu Surah Al-Jumu'ah, ndime 9, Allah akulamula okhulupirira kuti kukaitanidwa ku Swala tsiku la Jumu'ah afulumire kukamukumbukira ndipo asiye kugula ndi kugulitsa. Ndime 11 ikukumbutsa chimene chinachitika ku Madinah. Imam Bukhari ndi Imam Muslim analandira kuchokera kwa Jabir (R.A) kuti tsiku lina Mtumiki (S.A.W) ali chiimire kupereka khutba, gulu la ngamila zonyamula malonda linalowa mumzinda, anthu n'kuthamangira komweko mpaka mumzikiti munatsala anthu 12 okha. Ngati mtima wa malonda unakoka anthu amene ankamuona Mtumiki maso ndi maso, ife tisadzinamize kuti ndife olimba kuposa iwo.

Madinah itakula, Khalifa Uthman (R.A) anawonjezera adhana yoyamba ya tsiku la Jumu'ah, yoitanidwira pamalo otchedwa Az-Zawra, cha kumsika, kuti amalonda amve ndi kuyamba kukonzeka. Apa tikuona mtsogoleri akuika dongosolo loti msika wonse udziwe nthawi yoima. Maulama anagwirizana kuti adhana yachiwiri ikamveka, imam ali pa mimbari, malonda ndi haramu kwa aliyense amene Jumu'ah ndi yokakamizidwa pa iye. A madhhab a Imam Shafi'i amati malondawo amatheka koma wochitayo wasenza tchimo, pamene a Imam Malik ndi a Imam Ahmad amati malondawo n'ngosavomerezeka n'komwe. Pa maganizo onse awiri, ndalama ya ola limenelo ilibe madalitso.

Tizindikire kuti Chisilamu sichinalamule tsiku lonse losagwira ntchito. Ndime 10 ya Surah yomweyo ikutimasula kuti Swala ikatha tibalalike pa dziko ndi kufunafuna zabwino za Allah. Chitseko chimene tikulamulidwa kutseka n'cha kanthawi kochepa, mwina ola limodzi ndi theka pa maola 168 a sabata. Wolephera kupereka kochepa kotereku adzifunse kuti mtima wake ukudalira ndani pa rizq.

Za usiku, Allah akutiuza mu Surah An-Naba, ndime 9 mpaka 11, kuti tulo anatipanga kukhala mpumulo, usiku kukhala ngati chofunda, ndipo usana kukhala nthawi yofunira zokhalira moyo. Mu Surah Al-Qasas, ndime 71 mpaka 73, akutifunsa kuti tikanatani akanatipatsa usana wosatha, wopanda usiku woti tipumuliremo. Mtumiki (S.A.W) sankakonda kucheza pambuyo pa Swala ya Isha, ndipo anapemphera madalitso pa nthawi ya m'mawa ya ummah wake. Swahaba amene anafotokoza hadith imeneyi, Sakhr Al-Ghamidi (R.A), anali wamalonda; ankatumiza katundu wake m'mamawa ndipo chuma chake chinachuluka. Madokotala a masiku ano akutsimikiza nzeru yomweyi. Mu 2007 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la zaumoyo pa dziko lonse inaika ntchito ya mashifiti yosokoneza tulo m'gulu la zinthu zimene zikuganiziridwa kwambiri kuti zimayambitsa khansa.

Izi sizikutanthauza kuti ntchito ya usiku ndi haramu. Msodzi wopha usipa ndi nyali, namwino, mlonda ndi wophika buledi onse akudya za halali, ndipo ife tonse timawadalira. Nkhani ili pa chilungamo: munthu amene wapereka usiku wake abwezeredwe mpumulo, malipiro ndi Swala yake. Pamene Salman (R.A) anapeza m'bale wake Abu Darda (R.A) akudzimana tulo ndi chakudya chifukwa cha mapemphero, anamukumbutsa kuti Mbuye wake, thupi lake ndi banja lake aliyense ali ndi gawo lake pa iye, ndipo Mtumiki (S.A.W) anavomereza mawu a Salman. Ngati mapemphero owonjezera saloledwa kulanda gawo la thupi ndi la banja, kodi phindu la bwana ndilo lingaloledwe?

Mtumiki (S.A.W) anamuuza Abu Dharr (R.A) kuti anthu amene ali pansi pa ulamuliro wathu ndi abale athu, tisawasenzetse zoposa mphamvu zawo, ndipo ntchito ikalemera tiwathandize. Mu hadith ina ya m'buku la Bukhari, Allah akuchenjeza kuti pa Tsiku la Qiyama adzakhala Iye mwini wotsutsana ndi anthu atatu, ndipo mmodzi mwa iwo ndi amene analemba wantchito, n'kumugwiritsa ntchito yonse, koma osamulipira. Amene wagwiritsa munthu maola 14 n'kumulipira za maola 8 wabisa maola 6, ndipo adzawapeza pa sikelo.

Makolo athu m'chipembedzo sanasiye zimenezi m'manja mwa chikumbumtima chokha. M'mizinda ya Asilamu munali mkulu woyang'anira msika, wotchedwa muhtasib. M'zaka za m'ma 1100, katswiri wina wa ku Syria, Al-Shayzari, analemba buku la malangizo a mkulu ameneyu, ndipo anaikamo mutu wa ophika buledi. Anati denga la bekale likhale lalitali ndi lotsegula malo otulukira utsi, wokanda ufa asakande ndi mapazi, amange nsalu kukamwa ndi pachipumi kuti mpweya ndi thukuta zisagwere mu ufa, ndipo muhtasib alembe maina a ophika onse ndi kuonetsetsa kuti mzinda sukusowa buledi. Choncho kuika malamulo pa msika ndi pa bekale ndi mwambo wathu wakale, ndipo Msilamu asaone ngati boma likumulanda ufulu likamuikira malire achilungamo.

Ndikunena mawu angawa ndi kupempha chikhululuko kwa Allah, cha ine ndi cha inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachifundo.

KHUTBA YACHIWIRI

Kuyamikidwa n'kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Akapolo a Allah, tibwere kwathu kuno. Aliyense wa ife akudziwa golosale imene imatsegula kusanache n'kutseka pakati pa usiku, ndi mnyamata mmodzi yemweyo kuseri kwa kauntala. Tikudziwa anyamata a m'bekale amene amalowa ntchito madzulo n'kutuluka dzuwa litakwera, Fajr itawadutsa ali pa uvuni, Jumu'ah n'kuwadutsa ali mtulo. Tikudziwa amayi okazinga mandasi ndi zitumbuwa m'bandakucha, ndi ana amene amatumidwa kukagulitsa kudoko ndi kudepoti usiku, mawa lake n'kumasinza m'kalasi ndi ku madrassa. Choŵaŵa kwambiri n'chakuti nthawi zina bwana wake ali pa mzere woyamba mumzikiti muno, pamene wantchito wake Msilamu wamusiya akulondera ndalama.

Dziko lathu lili nalo lamulo pa nkhaniyi. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limanena kuti maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, kuti wogwira masiku 6 pa sabata asapyole maola 8 pa tsiku, ndiponso kuti munthu asagwire masiku oposa 6 otsatizana popanda kupuma maola 24 athunthu. Maola owonjezera pa tsiku wamba amalipiridwa kamodzi ndi theka, ndipo a pa tsiku lake lopuma amalipiridwa kawiri. Lamuloli silisemphana ndi Shariah, ndipo kulitsatira ndi mbali ya kukwaniritsa mapangano kumene Allah anatilamula. Oyendera za ntchito sangafike pa okala iliyonse, koma angelo olemba zochita zathu alipo pa kauntala iliyonse.

Ife anthu a m'mbali mwa nyanja tikudziwa kale phindu la kutseka. Chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, chimatsekedwa chaka ndi chaka nyengo ya mvula, kuyambira mu December mpaka chitsegulidwe mu April, potsatira dongosolo la mfumu Makanjira ndi anthu ake. Nsomba zimaswana chifukwa palibe amene amaloledwa kuponya khoka pamene anzake akudikira. Ngati nyanja imafuna kupuma kuti ibereke, thupi la mwana wa Adam lingalephere bwanji kufuna chimodzimodzi? Ndipo ngati asodzi anatha kumvana, amalonda a pamsika umodzi chingawalepheretse n'chiyani?

Choncho ndikukupemphani zinthu zisanu.

Choyamba, eni masitolo Achisilamu a pamsika uliwonse akhale pansi ndi komiti ya mzikiti ndi ya msika, agwirizane nthawi imodzi yotseka tsiku la Jumu'ah, kuyambira adhana yoyamba mpaka Swala itatha, ndipo nthawiyo ilembedwe pachitseko kuti makasitomala aizolowere. Onse akatseka pamodzi palibe amene amalandidwa kasitomala ndi mnzake.

Chachiwiri, bwana asapite ku Jumu'ah atasiya wantchito wake wamwamuna Msilamu akugulitsa. Lamulo limene lamanga bwana lamanganso wantchito. Wantchito wa chipembedzo china naye apatsidwe nthawi yake yopembedza ndi tsiku lake lopuma, pakuti chilungamo sichisankha.

Chachitatu, eni mabekale agawe ntchito ya usiku mosinthana, kuti munthu mmodzi asamachezere usiku uliwonse. Wochezera apatsidwe nthawi yokwanira yogona asanaitanidwenso, mphindi zochepa za wudhu ndi Fajr ziikidwe m'dongosolo la ntchito, ndipo m'chipinda chophikira mukhale mazenera otulutsa utsi ndi fumbi la ufa.

Chachinayi, pangano la ntchito litchule maola ndi malipiro momveka kuyambira tsiku loyamba. Mu Surah Al-Qasas, ndime 27, mkulu wa ku Madyan polemba ntchito Mneneri Musa (A.S) anatchula zaka 8, n'kusiya ziwiri zowonjezera pa kufuna kwa Musa mwini, ndipo anamutsimikizira kuti sakufuna kumuvutitsa. Umo ndi mmene Msilamu amalembera munthu ntchito.

Chachisanu, ife ogula tiphunzire kugula nthawi yabwino. Tisagogode pa sitolo yotseka, tisanyoze wogulitsa amene wapita kukaswali, ndipo makolo asatume ana kukagulitsa usiku. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: mwana wako naye tsiku lina adzakhala wantchito wa munthu.

Wina anena kuti zinthu zadula, ndipo ola lililonse lotseka ndi ndalama yotayika. Kudula kwa zinthu tonse tikukuona. Koma rizq amagawa ndi Allah, ndipo mu Surah An-Nur, ndime 37, Iye akutamanda amuna amene malonda sawaiwalitsa kumukumbukira, kuimika Swala ndi kupereka Zakaat. Iwo ankagula ndi kugulitsa ngati ife, koma ankadziwa nthawi yotseka. Ku Germany malire ambiri anasunthidwa ndi mavoti a m'nyumba ya malamulo. Malire amene Allah anaika pa Jumu'ah ndi pa thukuta la wantchito palibe nyumba ya malamulo ingawasunthe, ndipo aliyense wa ife adzafunsidwa za iwo payekha.

O Allah, dalitsani malonda athu, minda yathu ndi makoka athu. Tikwaniritseni ndi za halali kuti tisasowe za haramu. Apatseni mphamvu ndi mpumulo onse amene amachezera usiku chifukwa cha ife. Feŵetsani mitima ya mabwana pa antchito awo, ndipo ikani kukhulupirika m'mitima ya antchito. Khululukirani makolo athu, amoyo ndi amene anatsogola, chiritsani odwala athu, ndipo lipatseni dziko lathu mtendere ndi mvula ya madalitso. Ameen.

Imirirani tiswali, Allah akuchitireni chifundo.